Ludzu la Injini Yakale ya Boti

Munthu amene wayenda m'chigwa cha Kasungu m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, pamene zigafa zayamba kupepuka ndipo malole odzaza mabelo a fodya andanda kulinga ku okushoni ya Chinkhoma, sangaganize kuti m'dziko lotere, lopanda nyanja ndi gombe, mungamveke nkhani ya mainjini a maboti. Komatu amene amadziwa kumene ndalama ya fodya imapita ikatuluka m'thumba la mlimi, adziwanso kuti msewu wa M18, umene umadzera pa Mtunthama nutsetsereka m'nkhalango ya Nkhotakota kufikira kunyanja, sunyamula usipa ndi utaka wokha wokwera kumtunda, koma umanyamulanso chuma chotsikira kugombe. Mlimi amene fodya wamukomera chaka chimenecho, pofuna kuti thukuta lake lisathere m'zakumwa ndi m'milandu, amapangana ndi mbale wake wa ku Nkhotakota, ku Chia kapena ku Dwangwa kuti agule boti la matabwa ndi chilimira; ndipo popeza injini yatsopano ndi ya anthu a chuma, iye amagula yakale, imene inatumikira kale ambuye awiri kapena atatu, naitengera kwa makaniko wa pa tauni amene amamukonzera thirakitala ndi pampu yothirira nazale.

Pamenepo ndi pamene pamayambira tsoka la mainjini ambiri, ndipo tsokalo silichokera ku ulesi kapena ku umbuli, pakuti amisiri a ku Kasungu, makamaka achikulire amene anaphunzira ntchito m'magalaja a maesiteti a Press ndi a bungwe lija la fodya wa fuluu la KFCTA, ndi anthu odziwa chitsulo, okhoza kudzutsa Massey Ferguson imene inagona pansi pa mtengo zaka zambiri. Koma nzeru yawo inakulira pa makina osenza madzi awoawo m'rediyeta, kapena pa timainjini ta mapampu toziziritsidwa ndi mphepo, kotero kuti dzanja lawo linazolowera kuti injini ikangofika pabwalo, ayambe ailiza kuti amve mawu ake. Injini ya boti siyendera lamulo limenelo. Iyo ilibe rediyeta, ilibe fani, ilibe posungira madzi. Imamwa nyanja imene ikuyendamo nilavula madziwo pomwepo, ndipo ikalizidwa pouma, ngakhale kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi, kachipangizo kake kokoka madzi kamapsa mwakachetechete, mwini wake ndi makaniko ali kumwetulira pomva kuti ikulira mokoma. Safunsa anadya phula, anatero akale. Ndipo ndalama ya fodya yatha kambiri chifukwa chakuti mmisiri wa kumtunda anachita manyazi kufunsa msodzi wa kugombe.

Kuti timvetse kakonzedwe kake, tiyenera kutsata madziwo m'njira yawo yonse. Pansi pa mwendo wa injini, pafupi ndi pulopela, pali timabowo kapena tizenera ta sefa m'mene madzi amalowera. Akalowa amafika pa pampu, imene imakhala pamwamba pa giyabokosi, yovekedwa pa shafiti yomweyo imene imatsika kuchokera ku injini kukazunguza pulopela, kotero kuti injini ikamalira, kaya boti likuyenda kaya laima, pampuyo ili pa ntchito. Kuchokera apo madzi amakwera m'kapaipi kobisika m'kati mwa mwendo, nalowa m'tinjira tozungulira silinda ndi mutu wake, kumene moto wa petulo ukuyaka maulendo zikwizikwi pa mphindi iliyonse. Ndipo atatenga kutenthako, ambiri amatsika pamodzi ndi utsi, nauziziritsa nawonso, kufikira atabwerera m'nyanja, pamene ochepa amapatukira ku kabowo ka m'mbali, kamene ntchito yake ndi umboni chabe. Woyendetsa boti akacheuka naona kuti injini ikukodza, mtima wake umakhala m'malo. Ikasiya, ayenera kuithimitsa asanafunse chifukwa.

Pampu imeneyi ili ya mitundu iwiri, ndipo makaniko amene sasiyanitsa mitunduyi adzafunafuna nthenda pamalo pamene palibe. Mtundu woyamba ndi wa British Seagull, mainjini aja a tanki yopingasa ndi chingwe chokulunga pamanja, amene anayamba kupangidwa ku England mu 1931, nadziwika pambuyo pake ngati a ku Poole, ndipo anafalikira m'nyanja za kuno m'masiku a atsamunda ndi m'zaka zoyamba za ufulu. Pampu ya Seagull ili ndi kagudumu kolimba, kosakhudza makoma a nyumba yake, kamene kamangomwaza madzi ndi liwiro. Sikapsa pouma ndipo sikatha msanga, koma sikakhozanso kuyamwa madzi okhala pansi pake, choncho kayenera kumira ndithu kuti kagwire ntchito. Mtundu wachiwiri ndi wa pafupifupi mainjini ena onse, kuyambira a ku America a Evinrude, amene dzina lawo linachokera kwa Ole Evinrude wa ku Milwaukee, ndi abale awo a Johnson, kufikira a ku Japan a Suzuki, Tohatsu ndi Yamaha Enduro, amene lero ndiwo mafumu a magombe athu. Awa ali ndi impela ya labala, ya mapiko ofewa, yoikidwa m'kanyumba kamene shafiti sinadutse pakati penipeni. Mwa ichi mapikowo amatambasuka mbali imodzi nayamwa madzi, napindika mbali inayo nawafinyira m'paipi. Chimene chimatelereza labalayo pokhulana ndi chitsulo ndi madzi omwewo, ndipo madzi akasowa, labala amatentha, amasungunuka m'nsonga, mapiko n'kuyamba kuthothoka.

Chotero lamulo loyamba m'galaja ya kumtunda ndi mgolo. Mgolo wa malita 200, wodulidwa kukamwa, wodzazidwa madzi oyera kufikira atapitirira bwino pamene giyabokosi limalumikizana ndi mwendo, ndiwo nyanja ya makaniko wa ku Kasungu. Injini imangiriridwe pa thabwa lolimba, ilizidwe pang'onopang'ono giya isanalowe, ndipo ngati ndi Seagull ya mtundu wopanda kilatchi, ndi bwino kuchotsa pulopela, chifukwa ikamavundula madzi m'malo opanikiza imadzaza thovu, pampu n'kumameza mpweya, munthu n'kuiweruza yosalakwa. Madzi a mumgolo satenga nthawi kufunda ndi kuda ndi utsi, choncho kuyesa kwa mumgolo kumangotiuza kuti madzi akukwera. Chiweruzo chenicheni chimaperekedwa pa nyanja, boti litasenza chilimira chonyowa ndi anthu ake.

Pofufuza nthenda, nzeru ndiyo kuyambira pa chotchipa. Injini imene yagona miyezi m'chipinda chosungiramo feteleza kapena pakhonde la golosale kawirikawiri imakhala italandira alendo, ndiwo mavu aja omanga ndi dothi, amene kabowo kokodzera amakayesa nyumba yowakonzera. Ndipo anthu ambiri amasula mwendo wonse, nagula impela ya ndalama zambiri, pamene chofunika chinali kachidutswa ka chingwe cha mbedza chotokosera m'kabowomo. Chingwe cha nayiloni n'chabwino kuposa waya, pakuti waya amaboola kapaipi ka labala. Kenaka aone tizenera ta pansi, kumene kumamatirira ndere, tinkhono, mizu ya namasupuni, ndi mliri wa masiku ano, majumbo apulasitiki, amene limodzi lokha litakuta mwendo likhoza kupha injini yabwinobwino pakati pa nyanja. Azindikirenso kuti Johnson ndi Evinrude ambiri akale alibe kabowo kokodzera m'pang'ono pomwe. Madzi awo amaonekera ngati malovu otuluka ndi utsi pa timabowo ta kumbuyo kwa mwendo, ndipo amene sadziwa ichi amalira maliro a injini yamoyo. Dzanja nalo ndi mboni yokhulupirika: mutu wa injini yoziziritsidwa bwino umatentha, koma munthu akhoza kuugwira kamphindi; ukafika poti dontho la madzi likagwerapo lichite phokoso nkuuma, kapena utoto wake wasanduka wofiirira ndi kununkha, ntchito yakula.

Zapafupi zikalephera, mwendo wa m'munsi utsike. Makaniko ayambe wamasula ndodo ya giya pamene imalumikizana, pakuti oiwala ichi amakoka ndi mphamvu napinda ndodoyo. Kenaka amasule mabawuti, pokumbukira kuti mainjini ena ali ndi bawuti lobisika pansi pa kachipsepse ka pamwamba pa pulopela. Apa pafunika kudekha kumene kumaonetsa maso a nkhono, chifukwa bawuti lachitsulo limene lakhala zaka makumi angapo m'thupi la aluminiyamu limagwirana nalo kolimba, ndipo likathyokera m'kati, ntchito ya ola limodzi imasanduka ya sabata. Oyilo wolowerera, moto wofatsa wozunguliza pa aluminiyamuyo, kugogoda pang'ono pamutu pa bawuti, ndi kulisiya ligone usiku, zimapambana mkono wa mnyamata wamphamvu. Za masipanala nazo n'zofunika kuzidziwa: Yamaha ndi anzake a ku Japan amafuna a mamilimita, a ku America akale amafuna a mainchesi, pamene Seagull imafuna miyeso yakale ya Chingerezi ya Whitworth, imene sipezeka m'sitolo za lero koma imagonabe m'mabokosi a adzimbiri a madala amene anakonzapo Land Rover zakale za pa esiteti. Pa chinthu chimodzi ichi, mmisiri wa ku Kasungu nthawi zina amaposa wa kugombe.

Nyumba ya pampu ikatseguka, pansi payalidwe thumba kapena chitenje, pakuti pakati pa impela ndi shafiti pali kakiyi kakang'ono, kamene pa mainjini ambiri kamaoneka ngati mwezi wongokhala kumene, ndipo kakagwera m'fumbi kapena mumchenga, anthu anayi akhoza kukwawa mpaka dzuwa kulowa. Impela yakale iwerengedwe mapiko. Ngati inali ndi 6 ndipo atsala 4, awiri enawo sanauluke. Ali penapake m'paipi kapena m'tinjira ta silinda, ndipo kuika impela yatsopano iwo asanapezeke n'kungotaya ndalama. Amatulutsidwa pothira madzi amphamvu kuchokera pamwamba, pamalo pa themositati imene tiikamba kutsogoloku, kuti atsike mobwerera m'njira imene anakwerera. Ngakhale impela yooneka yathunthu isakhulupiriridwe msanga: labala wogona zaka atapindika amauma momwemo, monga tsamba la fodya limene likagwidwa m'chigafa nthawi ya dzuwa, lisanafewe ndi chinyezi cha m'mawa, limathethekera m'manja, ndipo pali zina zimene labala amakhala wabwino koma atasiyana ndi kachitsulo ka pakati, shafiti n'kumazungulira yokha mapiko ali chiimire.

Mdani wamkulu wa pampu m'nyanja yathu si mchere, monga zilili ku Durban kapena ku Beira, pakuti madzi a Nyanja ya Malawi ndi opanda mchere, ndipo ndicho chifukwa chake mainjini amakalamba kuno kuposa kunyanja zamchere; mdani wathu ndi mchenga. Magombe athu ambiri alibe doko, boti limakocheza pa mchenga, ndipo woyendetsa wofuna kudzionetsa kwa amayi ogula usipa amafika ndi liwiro, osathimitsa ndi kutukula injini pa nthawi yake, pampu n'kumeza mchenga wovunduka ndi mafunde. Nthawi ya dzinja Bua ndi Dwangwa, mitsinje imene imadutsa m'dziko la fodya lomweli, imatsitsa dothi la minda yathu kufikira nyanja itafiira pa mathiriro ake, kotero kuti mlimi wa ku Kasungu amene anadula mitengo ya m'mbali mwa mtsinje kuti awotchere fodya amakakumana nalonso dothi lake m'kati mwa injini yake. Mchengawo umakumba mizere pa kambale kachitsulo ka pansi pa impela ndi m'kati mwa kanyumba kake. Muyeso wake ndi chikhadabo: chikakodwa mu mzere, kambaleko katha, ndipo impela yatsopano yoikidwa pamenepo sidzaona mwezi wachitatu.

Pobwezera, kakiyi kakhale m'malo mwake, mapiko apakidwe sopo pang'ono, ndipo nyumba ya pampu itsitsidwe munthu akuzunguza shafiti kumanja, monga muvi wa wotchi uyendera poyang'ana kuchokera pamwamba, kuti mapiko onse agonere mbali imene adzagonere pa ntchito. Girizi apakidwe m'mano a shafiti, koma osati pamutu pake penipeni, chifukwa girizi wotsekeredwa pamenepo amakaniza shafiti kulowa mpaka kumapeto. Chovuta koposa, chimene chimachitikira mumdima m'kati mwa mwendo, ndicho kulowetsa kapaipi ka madzi m'kamphete kake ka labala. Kakaphonya, mabawuti onse amangika bwinobwino, pampu ikoka madzi mokhulupirika, koma madziwo amangotayikira m'mwendo, mutu uli kupsa. Popeza giyabokosi lili pansi kale, ndi bwino kutsegula bawuti la oyilo wake: akatuluka woyera ngati mkaka, madzi alowa, ndipo kawirikawiri wolakwa ndi ulusi wa ukonde wozengezeka kuseri kwa pulopela umene wadya silo yotsekereza madzi.

Ngati pampu ili bwino koma injini ikutenthabe, nkhani yakwera kumutu. Mainjini ambiri a impela ya labala ali ndi themositati, kachitseko kamene kamatsekereza madzi kufikira injini itafunda, ndipo kakauma kali kotseka, injini imapsa ngakhale madzi ali pakhomo. Kuyesa kwake n'kwapafupi: kaikidwe mumphika wa madzi pa moto, ndipo kayenera kutseguka madziwo asanayandikire kuwira. Pali mwambo pa magombe athu wochotsa themositati ndi kuitaya, ponena kuti inapangidwira maiko a chisanu pamene nyanja yathu ndi yofunda chaka chonse. Kunena mosapsatira, mwambo umenewu ndi wabwino usiku umodzi wokha, pamene munthu ali kutali ndi gombe ndipo afuna kufika kwawo; koma kuusandutsa lamulo n'kulakwa, pakuti injini yoyenda yozizira siwotcha bwino oyilo wosakanizidwa m'petulo, imadetsa mapulagi, imaunjika mwaye pa pisitoni, nimwa mafuta ochuluka m'dziko limene mafutawo nthawi zina amapezeka ndi mizere. Injini imene inapsapo kale imakhalanso ndi gasiketi ya mutu yotha, kapena mutu wopindika. Chizindikiro chake ndi pulagi imodzi yoyera mbee ngati yochapidwa, kapena timadontho ta madzi pa iyo. Mutu wopindika pang'ono umawongoka poukhula pa sandipepa woyalidwa pa galasi lochindikala, mozunguliza, kufikira nkhope yake yonse itawala mofanana. Ndipo pomanga, mabawuti ayambire pakati kumka kunja, pang'onopang'ono, mobwerezabwereza.

Seagull ili ndi nthenda yakeyake. Silinda yake ndi ya chitsulo chosungunula, chimene chimachita dzimbiri m'kati, ndipo zinyenyeswa za dzimbirizo, posakanizika ndi matope, zimatseka tinjira ta madzi kufikira madzi otuluka atasanduka madontho ndi nthunzi. Pamenepo kagudumu ka pampu sikalakwa konse. Mutu uchotsedwe, tinjirato titokosedwe ndi waya wolimba kapena kachidutswa ka sowo yodulira zitsulo, titsukidwe, ndi kutokosedwanso, ntchito yotopetsa koma yosafuna ndalama. Mainjini ogulidwa kwa abale athu a ku South Africa, ngati anatumikirapo m'madzi amchere, amabwera atakutidwa m'kati ndi zoyera zolimba, zimene viniga wogoneramo usiku amazifewetsa. Ogula asanyengedwe ndi utoto wonyezimira, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ayang'ane mitu ya mabawuti ndi utoto wa pamutu pa silinda, ndipo ngati wogulitsa akana kuti injini iyesedwe mumgolo, kapena choipa koposa, ngati ailiza pouma pamaso pawo kuti awagometse, achotsepo pa mtengo ndalama ya impela.

Sikuti kutentha konse kumachokera ku madzi. Mainjini akale amene tikukambawa amadzoledwa ndi oyilo wa m'petulo, ndipo muyeso wake umasiyana kutali: Seagull zakale zimafuna gawo limodzi la oyilo pa magawo 10 a petulo, Johnson ndi Evinrude za zaka zisanafike 1964 zambiri zimafuna limodzi pa 24, pamene Yamaha Enduro imakhuta ndi limodzi pa 50. Mnyamata wozolowera Yamaha akapatsidwa Seagull naisakanizira monga achitira masiku onse, adzaiumitsa madzi ali kutuluka bwinobwino. Petulo wa m'zigubu wosungunulidwa ndi parafini, jeti ya kabuleta yotsekeka pang'ono, pulopela yaikulu mopitirira mphamvu ya injini, ndi katundu wa boti la mahosipawa 40 wosenzetsedwa injini ya 15, zonsezi zimatenthetsa, ndipo impela yosalakwa ndiyo imasenza mlandu.

Funso limene mwini ndalama amafunsa pomaliza ndi lakuti kodi chuma chake chikuyenera kuthiridwa m'chinthu chokalamba chotere. Mainjini a Seagull analeka kupangidwa mu 1996. Kampani ya OMC, imene inkapanga Johnson ndi Evinrude, inagwa mu 2000, ndipo dzina la Evinrude, litapitirira kanthawi m'manja mwa eni ena, linasiya kutulutsa mainjini mu 2020. Zipangizo zawo zikupezekabe kunja, koma njira yake ndi yaitali, ndipo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kalabala kokwana m'chikhato kanasanduka katundu wofunika kukambirana pabanja. Za Yamaha zimapezeka ku Lilongwe, ku Blantyre ndi kwa amalonda a m'matauni a kunyanja, koma zenizeni ndi zachinyengo zimagona m'kabati imodzi, ndipo ngakhale yeniyeni, ikakhalitsa padzuwa pa shelefu, imauma isanagwire ntchito. Wogula apite ndi nambala ya pa kambale ka injini ndi impela yakale m'thumba, apinde mapiko a yatsopanoyo ndi chala, naone ngati akubwerera msanga. Amisiri ena aluso amasema impela kuchokera ku tayala lakutha, ndipo luso lawo ndi loyenera ulemu. Koma ine sindingatume mwana wa munthu pa nyanja ya Nkhotakota mu Julayi, mwera uli kuwomba ndipo tsidya lina kuli Mozambique, atadalira tayala losemedwa. Yotereyo ikhale m'bokosi ngati yothawira, pamodzi ndi kakiyi kapadera, sipanala ndi nkhafi.

Kuweruza kwanga ndi kwakuti injini imene mphamvu ya pisitoni yake ikadalipo, imene chingwe chake chimakaniza dzanja pochikoka, ndiponso imene giyabokosi lake lilibe mng'alu, iyenera kukonzedwa ngakhale ili ya zaka 40, chifukwa zonse za njira ya madzi, kuchokera pa sefa kufikira pa gasiketi, mtengo wake ndi kachigawo kochepa ka mtengo wa injini yatsopano. Ndipo impela ikamasinthidwa chaka ndi chaka nyengo ya usodzi isanayambe, osadikira kuti ife yokha, nthenda zinazo sizibwera kawirikawiri. Koma imene inapsa kufikira pisitoni itakanirira nisiya mikwingwirima yakuya m'silinda, kapena imene dzimbiri laboola khoma la pakati pa madzi ndi moto, iphwasulidwe, kabuleta, koyilo, pulopela ndi giyabokosi zigulitsidwe kwa eni mainjini a mtundu womwewo ku Nkhotakota kapena ku Dwangwa, ndipo ndalamayo iwonjezeredwe pa ya fodya wa chaka chamawa.